Penti Wakuda wa a Clive

Lolemba, 6 Meyi

Dzuwa. Zipinda zinayi za nyumba yathu yogona alendo zili ndi anthu. Wa m'chipinda chachitatu wagunda mutu pa mtanda wa pakhomo, munthu wachiwiri mwezi uno. Ndamuuza kuti omanga nyumbayi zaka mazana anayi zapitazo anali aafupi. Waseka, chotupa chili pamphumi.

Amuna anga a Clive abwera ndi zitini za penti wakuda. Meyi aliyense ndi momwemo: makwerero panja, mitanda yonse ya kumaso kwa nyumba bii, zipupa mbee. Bambo awo ankatero, iwo atero zaka 31. Tsiku la ukwati wathu amaiwala, la penti saphonya.

Lachitatu, 8 Meyi

Rhian Tudge, kalipentala wa nyumba zakale, anabwera kudzaona zenera lokana kutseka. Zeneralo sanalikhudze n'komwe. Anatenga msomali wautali n'kubaya nsanamira ya pangodya, yonyamula chipinda chija chotulukira pamwamba pa msewu. Unalowa ngati m'buledi.

Akuti ndi penti. Mtengo wa oki umafuna kupuma. Madzi akalowa m'ming'alu, penti wamakonoyu amawatsekera m'kati, mtengo n'kumaola mwakachetechete. Simenti imene a Clive anamata m'ming'alumo ndiye yoipitsitsa. Akutinso kale mitandayi sinali yakuda. Yotuwa, yopakidwa laimu basi.

"Mayi Beddoes, nyumbayi ipulumuka, koma burashi ija isayandikirenso. Muwauza ndinu kapena ndiwauze?"

Ndinati ndiwauza ndekha. Pakamwa pangapa padzandiphetsa.

Lachisanu, 10 Meyi

Sindinawauze. Mvula yandithandiza, sangapente. Igwe mpaka Khirisimasi.

Masana mu bala, a Mervyn a pampando wa pafupi ndi moto aja: "Clive, iwe ukadzafa tidzakupenta bii, mano okha mbee, n'kukuimika pakhomo uzikopa alendo." A Clive kuseka mpaka kutsokomola. Kenako kutulutsa positikhadi ya tauni yathu, nyumba yathu ili pakati, kuonetsa aliyense. Ndinathawira kukhitchini.

Ana tilibe. Mwana wawo ndi nyumbayi. Ndikawauze bwanji kuti akhala akumudwalitsa ndi manja awo? Ndikuopa kuwaswa mtima bambowa, ndimawakonda.

Lamlungu, 12 Meyi

Kunja kwayera, tsoka langa. Pochokera kutchalitchi ndinawapeza ali pamakwerero, chitini chotsegula kale. Ndinagwira makwererowo n'kukhuthula zonse ndili pansi, chipewa chili kumutu, anthu akudutsa. Anatsika. Ndinawapatsa msomali. Anabaya okha.

Anatseka chitini bwinobwino, n'kutsuka burashi yomwe sinagwire n'komwe ntchito. Nyama yowotcha ya Lamlungu anangoyiyang'ana.

Lachinayi, 16 Meyi

Masiku anayi a "inde" ndi "ayi". Ayamba kulowera khomo la kuseri kuti asaone kumaso kwa nyumba.

Alendo a ku Canada ajambula masitepe athu opendekeka, akuti ndi okongola zedi. Adzayese kukwera atanyamula mabulangete atatu.

Rhian akuti adula poola pokha, alumikizepo oki watsopano ndi zikhomo zamtengo monga ankachitira eni ake. Koma penti yense achoke. Ndalembera a kukhonsolo oyang'anira nyumba zakale kupempha chilolezo. A Clive asayina osawerenga.

Lachiwiri, 9 Julaye

Ndakutaya, buku langa. Panalibe chokoma cholemba.

Chilolezo chinafika, nsanja yokwerapo amisiri inaima dzulo. M'mawa uno tiyi wa a Clive wazizira patebulo. Ndatuluka panja, ndawapeza pamwamba pa nsanja, chopalira m'manja, akukangana ndi Rhian. Akuti pentiyo asamukhudze wina aliyense.

"Nyumbayi ndinaitseka pakamwa ndine, ndiitsegula ndine. Inu chitani zanu za zikhomozo."

Rhian wandiyang'ana, wanditsinzinira diso limodzi.

Pofika masana mtanda umodzi waonekera wonse, wotuwa ngati tsitsi lawo. A Mervyn ali mumsewu: "Clive, pamwambapo wamkulu ndani, iwe kapena mtandawo?" Ayankhidwa mawu oti sindingalembe muno. Mtima wanga pansi, ndasangalala ngati mtsikana.

Pansi pa penti apeza timizere tosema, manambala a akalipentala oyamba osonyeza mtanda uti ulowe pati. Zaka zonsezi akupaka pamwamba pake osadziwa. Tsopano akugogoda zenera la chipinda chino kuchokera panja, nkhope yonse fumbi lakuda, maso onyowa. Akuti, "Glenys, tuluka udzagwire ndi chala chako."

Ine wa zaka 64, kutulukira pazenera. Supu ali pamoto. Ndavula kale nsapato.