Dzina la Amayi Limalowa Loweruka

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi moni, poti munatiphunzitsa kuti munthu salowa m'nyumba ya eni ake nkhani ili kale kukamwa. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolanibe kukwera masitepe a ku wailesi? Nanga amayi, mutu uja unasiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti chipinda chimene ndikukhala n'chaching'ono moti ndikadziwongola pabedi ndimatseka chitseko ndi chala cha kuphazi.

Musadabwe kuona envelopu yochokera kwa ine, amene ndinkaseka anthu opita ku positi. Pa foni simundipatsa mpata. Ndikangopereka moni, mumati muli bwino, kenako mumati ndilankhule ndi amayi, basi mwachoka. Ndiye ndakumbuka zimene mumanena pa pulogalamu yanu ya makalata, zoti kalata ya womvera simuiika pansi musanafike pa dzina. Lero ndine womvera. Muiwerenge mpaka pa dzina.

Sindikulemba kuti ndibwerere ku ntchito ija. Munavutika kundipezera malo ku wailesi ndipo ndikuthokoza, koma ndikanakhala pampando uja, kumawerenga nkhani zolemba ena, kudikira kuti wina apume pantchito ndiye ndisunthe, bwenzi pano nditafota. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tsiku limene ndinkanyamuka munati ndatenga digiri yonse kukaseweretsa pa foni. Lolani ndikuuzeni za masewerawo.

Situdiyo yathu ili pamwamba pa sitolo ya matayala. Makoma tinawakuta ndi matiresi akale kuti phokoso la mumsewu lisalowe, komabe wokhoma matayala akayamba ntchito, omvera amamumva ndipo ena amamupatsa moni. Tilipo awiri, ine ndi mnzanga woyang'anira kamera ndi kompyuta, amene aliyense amangomutchula kuti Mawaya. Loweruka lililonse masana timaulutsa pompopompo pa intaneti, anthu n'kumationera pa mafoni awo.

Inu mukafunsa funso pa wailesi, yankho limabwera ndi wapositi patapita masabata, mwina mwini wake atasintha kale maganizo. Ine ndisanatseke pakamwa, mayankho amakhala ayamba kale kukwera pagalasi la kompyuta ngati linthumbu. Tsiku lina tinkakamba za paipi imene inaphulika mumsewu wa ku msika n'kumangotaya madzi. Amayi ogulitsa malonda anatumiza zithunzi pomwepo. Wina wa ku ofesi ya zamadzi analowa kuti adziteteze, anthu n'kumuunjirira ndi mafunso mpaka anachita kutchula yekha tsiku lodzakonza paipiyo. Lolemba lake anabwera ndi mafosholo. Bambo, zimenezi si masewera. Dziko likuthamanga ndipo ine sindifuna kulionera pawindo.

Sindikunamizani kuti zonse n'zokoma. Alipo wina amene sabata iliyonse amalowa kudzangondiuza kuti mphuno yanga yadzaza galasi. Alipo ena amene ndikayamba nkhani ya misonkho amathawa, nambala ya oonera n'kumatsika ine ndikuona. Mawaya amandikodola kuti ndifulumire, akuti pa intaneti ukangomeza malovu anthu apita kwina. Inu munalankhula zaka zonsezi osaonapo munthu akutseka wailesi pamaso panu. Wailesi imakuchitirani chifundo.

Mukukumbuka kamphindi kanu kaja? Mukafunsa omvera kuti ali bwanji kumeneko, mumakhala chete pang'ono musanapitirize. Munatiuza kuti akuluakulu a ku situdiyo ankadandaula nako, ankati nthawi ya pa wailesi sitayidwa, koma inu munkawayankha kuti ndi mwano kufunsa munthu moni n'kumulanda mpata woyankha.

Ine ndili kamwana ndinkakwera pampando, n'kufika pa shelefu pamene pankakhala wailesi yathu ya chogwirira chothyoka, n'kuyankha mu kamphindi kameneko kuti tili bwino, kaya inu Bambo. Mukabwera kunyumba ndinkakufunsani ngati mwandimva, inu n'kumati mwandimva bwino lomwe, ndipo ndalankhula mothamanga ngati wothawa galu. Dzina loti Achangu linayambira pamenepo. Tsiku limene achimwene anandiululira kuti wailesi ilibe makutu ndinalira mpaka kukana chakudya. Mwina ntchito imene ndikugwirayi inayamba tsiku limenelo. Ndinkafuna wailesi ya makutu, ndipo ndaipeza.

Koma ili ndi nkhanza yake imene sindinaiganizire. Munthu aliyense akalowa, dzina lake limatulukira pagalasi. Ndimaona anzanga a ku yunivesite, ndimaona anthu a kumaiko kumene sindinapondeko, ndimaonanso wa mphuno uja. Pakamwa pamalankhula, maso akuwerenga maina. Ndiye ndimadziwanso bwinobwino amene sanabwere. Miyezi yoyamba ija ndinkatsika masitepe a pa sitolo ya matayala anthu akundiyamikira, koma mumtima muli zii.

Kenako Loweruka lina dzina la amayi linalowa. Silinalembe kanthu. Linakhala mpaka kumapeto, n'kutuluka. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Ndinasangalala, koma ndikutsuka mbale ndinakumbuka kuti Loweruka masana amayi amakhala ku kwaya, ndipo foni amaisiya pa tchaji kuseri kwa kabati chifukwa woimbitsa kwaya amadana ndi mafoni.

Nditawaimbira amayiwo ndinawafunsa kuti nkhani ya paipi anaimva bwanji. Anandifunsa kuti paipi yake iti. Kenako anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti iwo sadziwa kanthu, chimene akudziwa n'chakuti bandulo yawo ili ndi mfiti imene imadya Loweruka lokha.

Bambo, musachite manyazi, koma ndiyenera kukuuzani. Foni si wailesi. Pa wailesi munthu amamvera mobisala, kuno ayi. Mukalowa timakuonani.

Ndipo pali china. Sabata yathayi chala chanu chinakhudza batani la kamera, lija limene munthu amadina akafuna kulankhula nawo. Pempho likabwera, limayamba laonekera pa kompyuta ya Mawaya lisanapite kwa anthu onse. Mawaya ananditembenuzira kompyutayo, akufunsa ndi maso ngati akulowetseni. Ndinaona denga lathu, ndi banga lija la madzi looneka ngati khutu la njovu. Ndinaona nsonga ya katani ya maluwa achikasu. M'munsi mwake munali chibwano chanu ndi theka la magalasi anu. Ndevu zayera, Bambo. Palibe anandiuza.

Ndinkamva chala china chikugogoda patebulo pang'onopang'ono, monga munkachitira pondiphunzitsa kuwerenga mokweza. Ndipo m'mahedifoni ndinakumvani mukunong'ona kuti Achangu apume, asameze mawu, omvera sakuthawa.

Ndinapukusa mutu kuti Mawaya asakulowetseni, chifukwa munali mu vesiti ndipo simukanandikhululukira. Koma ndinapuma. Ndinamaliza chiganizo chonse bwinobwino, wa mphuno uja mpaka analemba kuti lero ndalankhula ngati munthu. Titatseka ndinapita kuseri kwa matiresi kukapukuta misozi, Mawaya n'kunamizira kuti akufunafuna waya m'chikwama. Kuchokera pamene ndinachoka kwathu, amenewo ndi mawu ambiri kuposa onse amene mwandilankhula, ndipo simunadziwe kuti ndikumva. Zatembenuka, Bambo. Tsopano ndinu amene mukuyankha wailesi muli pabalaza. Kusiyana kwake n'kwakuti iyi ili ndi makutu.

Amayi andiuzanso zimene inu simukanandiuza, zoti pulogalamu yanu aichotsa kutha kwa mwezi uno chifukwa makalata sakubweranso, ndipo masabata ena mumabwereza akale. Akuti mukabwera kunyumba mumangokhala pakhonde, wailesi ili chotseka. Zimenezi zandisowetsa mtendere. Munthu amene wapereka moni moyo wake wonse sangangokhala chete pakhonde ngati mpando.

Omvera anu sanafe. Ali kuno, m'mafoni. Pamene ndinatchula kamodzi kuti ndine mwana wanu, ndemanga zinasefukira. Dalaivala wina anati anaphunzira kulemba kalata chifukwa cha inu. Mayi wina anati munawerenga kalata yake akufunafuna mchemwali wake, ndipo anapezana. Onsewa akhala akukuyankhani mu kamphindi kaja zaka zonsezi, inu osawamva. Kodi simukufuna kuwamva ngakhale kamodzi?

Maganizo anga ndi ambiri, mukundidziwa. Ndikufuna gawo lanu pa pulogalamu yathu, inu muli pabalaza pomwepo, mutavala malaya, ine ndili kuno, anthu akufunsa inu mukuyankha. Ndalemba kale dzina la gawolo ndipo Mawaya wayamba kupanga chithunzi chake. Ndikudziwa muti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chabwino, zimenezo tidzakambirana, ndipo mukakana ndidzalimbikirabe.

Lero pempho langa ndi laling'ono. Kuyambira Loweruka likubwerali, sabata iliyonse ndidzayamba ndi kufunsa kuti muli bwanji kumeneko, kenako ndidzakhala chete monga mumachitira inu. Mawaya wandichenjeza kale kuti anthu adzaganiza kuti netiweki yaduka ndipo adzathawa. Athawe. Mayankho a ena adzakwera pagalasi, koma ine ndidzakhala ndikuyang'ana dzina la amayi. M'munsi mwa galasi muli kabokosi kolembamo. Simufunika kulemba zambiri, ngakhale kungoti tili bwino. Mukalakwitsa zilembo palibe adzadziwe, adzati ndi amayi.

Inu munati ndi mwano kufunsa munthu moni n'kumulanda mpata woyankha. Mpata ndikupatsani. Za munthu amene wapatsidwa mpata n'kusayankha simunatiphunzitse, ndiye musandichititse kuti ndiyambe kuzifufuza.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mfiti ya bandulo yapezeka ndipo isathamangitsidwe. Moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali a pa telala, ndi kwa a pageti a ku wailesi amene ankandibisira masiwiti m'chipewa. Mulungu akusungeni, alimbitse bondolo, ndipo mawu anu asazilale.

Mwafika pa dzina tsopano.

Ine womvera wanu woyamba,
Achangu