Dzanja Lamanja la a Casimiro

Lachiwiri, 9 Januwale

Kuzizira koopsa, mpope wa kukhitchini wagwira ayisi. A Casimiro pawindo tsiku lonse, dzanja lamanja lili pamwendo ngati si lawo. Chichitireni sitiroko, mawu awo ndi awiri basi, "eya" ndi "ayi". Mwana wathu Yesenia waimbanso kuchokera ku Albuquerque. Akuti, "Amayi, nokha simungathe. Malo apezeka kosamalira okalamba, Lamlungu ndikubwera kudzawatenga ababa." Mwana wobereka ndekha, lero akundilamula. Ndakana, koma mtima uli m'mwamba.

Lachitatu, 10 Januwale

Pawindopo sayang'ana msewu, amayang'ana kumtsinje. Ndatsitsa ndodo yawo yowedzera. Chikwatiwireni sindinaigwirepo, ntchito inali kuwanena kuti anakwatira mtsinje, ine Ofelia ndine wachiwiri. Tinyambo tawo ta ulusi ndi nthenga, tochepa kuposa njere ya mpunga. Kuti ndimange kamodzi, magalasi pamwamba pa magalasi, ndi kutukwana pang'ono. Aseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Aseka!

Lachinayi, 11 Januwale

Uchitsiru wanga. Ndawadzutsa m'bandakucha monga ankachitira nyengo yotentha. Njira yonse yopita kumtsinje "ayi, ayi", ine kumayesa ulesi. Kumunsi kwa damu madzi saundana poti amatulukira pansi, akungofuka nthunzi. Koma nsomba zii. Timphete ta pandodo tadzaza ayisi, ulusi osayenda. Ndayamba kukanda ndi chikhadabo, pang'onong'ono kuthyola nsonga. Iwo andikoka jekete, aloza madzi. Kuviika ndodo, ayisi wasungunuka yekha. Kenako aloza pamutu pawo, kumwamba. Masana, dzuwa likafika apo. Mutu wawo ndi wabwinobwino, wosamva ndine.

Zala zikuwawabe. Tadya posole wadzulo, msuzi uja wa chimanga ndi nyama, kugona msanga.

Loweruka, 13 Januwale

Masana. Mitambo, kopanda mphepo, tizilombo touluka waa pamwamba pa madzi. Iwo pampando m'mphepete, bulangeti m'miyendo, akulamula ndi dzanja lamanzere. Pothamanga madzi, ayi. Pakuya poyenda pang'onopang'ono, eya. Kukazizira tirauti, nsomba ya mumtsinjewu, sathamangira chakudya, umachita kumuikira pamphuno. Kanthu koyandama ka paulusi kangoti gwede, ine koke. Mayi ine, ndodo yonse kupindika!

Wamkulu, wa mzere wofiira m'nthiti. Ndamukweza m'mwamba, dzanja lina likufufuza foni m'thumba kuti Yesenia aone ndi maso ake. Foni osatuluka, nsomba ili pamphepo. Ndiye kumbuyo kwanga:

"Ofelia! Bweza m'madzi msanga, mkazi iwe! Ukuipha ndi chisanu!"

Mawu onsewo, mokalipa, ngati kale. Nsomba yapita, chithunzi palibe. Ndalira nditaima m'madzi mpaka misozi kuuma m'masaya. Sindinasangalalepo chonchi ndi kukalipiridwa.

Madzulo abwerera ku "eya" ndi "ayi". Ndawapempha anenenso, angondiyang'ana.

Lamlungu, 14 Januwale

Umboni ndilibe. Yesenia anena kuti ndikupeka, ndikumudziwa. Galimoto yake yalowa pageti, kumbuyo makatoni opakira zovala. Mitambo ngati dzulo, dzuwa latsala pang'ono kufika pamutu. A Casimiro ali pakhomo, nsapato ya m'madzi imodzi avala okha, inayo yawakanika.

Ndagwada kuwaveka, ndawafunsa, "Nanga bambo, timuuza chiyani mwanayu?"

Mlomo wavutika, wavutika. Ndadikira.

"Anyamule mpando."