Atigenda kupitirira Kabudula

Lachinayi, mwezi wa Okutobala.

Tsiku loipa. Ndikulemba mkono uli chitupire.

Ine ndi a Mbewe, anzanga a kuntchito, tinapita pa njinga yamoto kumudzi wina kupitirira Kabudula kukacheza ndi gulu la amayi oyenga mafuta a mpendadzuwa, amene phindu lawo amaphunzitsira ana amasiye. Ntchito yathu ndi kufufuza amene amathandiza magulu otere: amawaphunzitsa ndani, amawagula katundu ndani.

A Mbewe atangokweza foni kuti aike malowo pamapu, bambo wina anakuwa: "Akuyeza malo athu awa! Akufuna agulitse!" Anthu anakhamukira pomwepo. Mwala unawang'amba a Mbewe pachipumi, anagwa, anthu n'kuyamba kuwapondaponda. Wina anandilusira ndi mpini wa khasu, ndinatchinga ndi mkono.

Mayi Nabanda, apampando a gululo, anadzigwetsa pa a Mbewe. "Yambani mwapha ine! Awa ndi alendo anga!" Anatikokera m'kanyumba ka makina oyengera mafuta n'kukhoma chitseko, kunja njinga yathu yamoto ikuyaka. Tinakhala momwemo mpaka apolisi anabwera.

Akuwapukuta a Mbewe magazi ndi chitenje chawo, mayiwo anandiuza kuti: "Mukufufuza otithandiza, eti? Omaliza kubwera ndi mafunso anapita ndi dimba lathu."

A Mbewe awasoka, agona kuchipatala. Abwana aimba kufunsa ngati foni yapulumuka. Ine nkhawa yanga ili pa Mayi Nabanda. Ife tachokako, koma iwo agona m'mudzi momwemo, pakati pa anthu omwe aja...