Chiwongolero cha kumanzere

Lamlungu, 14 Okutobala, Braunstone, Leicester

Lero mtima wandiwawa. Chifundo, yemwe ndinakamulandira ndine pa siteshoni atangofika kuno ali ndi kachikwama kamodzi, wabwera kudzanditenga popita kutchalitchi pa galimoto yake yatsopano. Ndi ya ku America, yofiira, ya zitseko ziwiri, yopangidwa dala kuti izioneka ngati zamakedzana. Injini ikalira umaimvera m'chifuwa.

Ine ndathamangira chitseko cha kumanzere monga timachitira tonse tikapatsidwa lifiti, ndapezako chiwongolero. Iye kuseka mpaka misozi. "Achimwene, mwayamba kale kufuna kudiraiva? Kwanu ndi uko."

M'timisewu tathu ta kuno imachita kudzaza msewu wonse, ndipo pa hampu iliyonse amayenda ngati wanyamula mazira. Zimenezo zandisangalatsa. Pomwe timapaka, makina a tikiti anali mbali yanga, ndiye ndasanduka kondakitala wake. Koma titafika pamsewu waukulu waponda pang'ono chabe, msana wanga n'kumatirira kumpando, ndipo ndakuwa ngati mwana. Ndadzikwiyira kuti wandimva.

Pobwerera, pa maloboti, mzungu wina wandiyang'ana ine, poti ndinakhala mbali imene madalaivala a kuno amakhala, n'kundikwezera chala chachikulu. Ndagwedeza mutu mwaulemu, chigongono ndatulutsa pawindo. Chifundo sanaone.

Mawa ndidzuka m'mamawa kukadikira basi ya kushifiti. Komabe mu Leicester muno muli munthu mmodzi amene akudziwa kuti galimotoyo ndi yanga, ndipo ine sindikamuuza kuti…