Mtanda Wopanda Dzina Kutsidya kwa Ruo

Okondedwa amayi,

Ndiyambe ndi moyo wanu. Mwendo uja ukukuvutanibe m'mawa? Ife kuno ku Mozambique tili bwino, kungoti chishalo cha njinga chatimaliza, pokhala pansi timachita kusankha mbali. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa geni ya nandolo amene adzere ku Ndundeko, chifukwa nkhani yake si yonenera pa foni. Amene akukuwerengerani asathamange.

Munatituma kudzafuna mlongo wanga Chipiliro mutamva mphekesera zoti mtsinje wa Thuchila sunamuphe utasefukira ndi namondwe, anthu anamuona wamoyo kuno. Ndinakwiya, mukudziwa, koma ndinanyamuka. Tinapalasa ine, amuna anga a Kalisto ndi mlamu wanga Josephine, mkazi wa Chipiliro, kudzera ku Luchenza mpaka ku Sandama, n'kuoloka Ruo pa bwato. Akamwini anuwa, amene kumudzi amadzitcha akatswiri, chitunda chilichonse amatsika n'kumati akuyang'ana tcheni.

Anthu atisunga, amayi. Tayala la Josephine litaphulika, bambo wina anasiya khasu m'munda, natimatira chubu, n'kubwerera kukalima tisanamufunse n'dzina lomwe. Kwina anatiphikira makaka. Chilomwe changa chothyokathyoka anachiseka mpaka misozi, koma mphasa anatiyalira ngati abale awo.

Pali chimene anzangawa sindinawauze. Njira yonse ndinkamva belu la njinga kumbuyo kwanga, kaliridwe komwe kaja Chipiliro ankaliza akamafika pakhomo kuchokera ku kabaza. Ndikacheuka, msewu uli zii. Si maloto ayi, dzuwa linali pamutu. Ndinkachita mantha, komabe sindinkafuna kuti lisiye.

Munthu wa mphekesera uja tinamupeza pamsika wina. Si Chipiliro, ndi bambo wodwala mutu amene sadziwa kwawo. Koma wogulitsa tomato atamva nkhani yathu anatilondolera kwa a Ursula, mayi wamasiye amene amalima m'mphepete mwa Ruo. Ndi kwawo komwe ndikulembera.

A Ursula akuti madzi a namondwe uja ataphwa anapeza mtembo wa mwamuna utakodwa m'nthochi zawo kudimba. Palibe anamudziwa. Anaitana anansi, namukulunga m'nsalu yawo yopitira kutchalitchi, n'kumuika pambali pa manda a amuna awo. Chiyambire amasesa manda onse awiri, ndipo amangomutchula kuti Mlendo. Anatiuza kuti mwendo wakumanja wa buluku lake unali womangidwa ndi mphira, monga amachitira opalasa njinga. Kenako anatulutsa mendulo ya Amayi Maria, yobenthuka m'mphepete, imene anaipeza itasokereredwa m'chiuno mwa bulukulo ndi ulusi wofiira. Amayi, ndinalipo tsiku limene munkaisokerera. Munkakalipira singano kuti ndi yobuntha.

Josephine anagwa pansi n'kumaitana mwamuna wake. Ine misozi sinabwere nthawi yomweyo. Ndinangozindikira kuti belu lija lasiya, ndipo silinalirenso mpaka lero. Chete ameneyu akundiwawa kuposa mantha aja.

Tsopano pempho langa. Pamandapo pali mtanda wa matabwa wopanda dzina. A Ursula dzinalo analimva Josephine akulira, koma akuti sangalole kuti lilembedwe popanda mawu a mayi amene anamubala, poti nawonso ndi nakubala. Ife tinangoyang'ana pansi, pokumbukira kuti munalumbira kuti wonena kuti mwana wanu anamwalira asadzapondenso pakhomo panu. Ine ndanena, amayi. Ngati n'kundithamangitsa, mundithamangitse, koma muyambe mwaona chimene chili m'kansalu kamene ndamangirira ku kalatayi.

Mendulo ndi imeneyo, ulusi wake sitinachotse. Ngati si yanu, tiuzeni, tikwera njinga n'kupitirira kufikira komwe mungatitume. Ngati ndi yanu, tumizani liwu limodzi lokha kudzera mwa mayi wa nandolo yemweyu pobwerera. Penti a Kalisto apeza kale. Sitichoka kuno tisanamve kwa inu.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali a ku Nguludi ndi kwa ana athu onse. Ana a Chipiliro musawauze kanthu, mayi wawo akufuna adzawauze yekha. A Ursula akupereka moni, akuti ndinu m'bale wawo ngakhale simunaonanepo.

Chitseko chija mwakhala mukuchisiya chosakhoma chigwereni namondwe, mutha kuyamba kukhoma, amayi. Mwana wanu sakugona panja. Anafika pakhomo pa anthu, ndipo anamulandira.

Ndine mwana wanu wamakani uja,
Eluby