Phazi lopondera makina

Mng'ono wanga,

Ndiyambe ndi moyo wako ndi wa mlamu wanga. Msana uja unakusiya, kapena ukuyendabe chowerama ngati wataya singano? Ine kuno ndilipo, koma sindikunamiza kuti ndili bwino. Lero Lolemba ndakwanitsa sabata ndili m'chipatala.

Usadabwe ndi dzanja lachilendoli. Chimwalirireni mayi a kunyumba kwanga, amene ankandilembera makalata, ndakhala chete zaka ziwiri chifukwa sindinkafuna kupempha munthu wina. Akulemba panowa ndi a dalaivala a basi amene agona bedi loyandikana ndi langa, mwendo uli m'chikhakha. Ndawauza kuti alembe zimene ndikunena, asakometse.

Shuga uja wafika kuphazi. Kabala kanayamba pachala chachikulu cha phazi lamanja, lomwe ndimapondera makina osokera. Ndinkangokamanga kansalu n'kumapitiriza ntchito pakhonde la sitolo paja, poti ndinali ndi zovala za anthu zoti ndimalize. Mwana wanga wamkazi atamva fungo ndi pamene anandikokera kuno, ine ndikukana njira yonse.

Lachitatu dokotala anabwera ndi gulu lake. Anaona phazi, analankhula mothamanga ndi mawu ambiri akusukulu, n'kusiya pepala loti ndisaine. Ine pa zonsezo ndinangotolapo zoti akayeretsa. Mwana wanga anali kuntchito, amene analipo ndi mkamwini, uja wa tayi. Iwe ukudziwa kuti ine sukulu sindinaipondeko. Manambala a patepi ndimawadziwa kuposa aliyense, ndipo dzina langa malemu anandiphunzitsa kulijambula mpaka limaoneka ngati la bwana. Koma mkamwini sankadziwa, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri wakhala akundipatsira nyuzipepala akamaliza kuwerenga. Ndiye ndinavala magalasi, ndinayang'ana pepalalo nthawi yokwanira munthu wowerenga, n'kusaina. Iye anafunsa ngati ndamvetsa zonse. Ndinamuyankha kuti ndinayamba kumvetsa zinthu iye asanabadwe.

M'mawa mwake anandiveka chovala chotseguka kumbuyo, chosokedwa ndi telala wopanda manyazi, n'kundikweza pakabedi ka matayala. Muwodi muno muli namwino wamfupi amene odwala timamutcha Kapitawo, chifukwa salola ngakhale kapu kukhala malo olakwika. Iyeyo anafunsa dzina langa, anafunsa kuti ndi phazi liti, kenako anati ndimuuze ndi pakamwa panga zimene akukandichita. Ndinati akukatsuka bala, madzulo ndibwerera pabedi, sabata yamawa ndili pamakina.

Anapempha mkamwini kuti adikire panja, anakoka katani, n'kuwerama pafupi ndi khutu langa.

"Bambo, pepalali munawerenga nokha, kapena wina anakuwerengerani?"

Ndinamufunsa ngati bambo ake amawalankhula choncho. Sanapse mtima. Anandiuza motsitsa mawu kuti pepalalo likuti akadula zala zitatu ndi mbali ina ya phazi, ndipo iye sangakankhe kabedi ka munthu amene akuganiza kuti akukatsukidwa. Ndinayang'ana phazi langa pansi pa nsalu ngati la munthu wina.

Dokotala anakwiya, mawu ake ndinkawamva kuchokera pakhomo. Malo anga anapatsa wodwala wina, ndipo tsiku lina lopezeka ndi Lachinayi likubwerali. Masana Kapitawo anabwera naye dokotala yemweyo, n'kumupempha kuti akhale pansi. Dokotalayo anajambula paphazi ndi cholembera pamene mpeni udzadutse, monga ndimalembera choko pansalu ndisanadule, ndipo sanachoke mpaka nditabwereza zonse ndekha. Sanandibisirenso kuti kudikira kuli ndi ngozi yake, kuti kuwola kukhoza kukwera. Kuyambira tsikulo Kapitawo amatsuka balalo kawiri patsiku, n'kumayang'ana mzere umene analemba m'mphepete mwa potupa.

Tsono mkamwini, mwa chikondi chake, anakadandaula kwa mkulu wa anamwino. Anati mtsikanayo waopseza nkhalamba imene inawerenga yokha n'kusaina yokha, wachedwetsa opaleshoni, ndipo mwendo ukaduka wonse mlandu ndi wake. Mayi wokolopa muwodi ndi amene anandinong'oneza kuti Kapitawo anaitanidwa mu ofesi. Akuti anangonena kuti wodwala sanamvetse. Atamupanikiza kuti munthu wowerenga yekha angalephere bwanji kumvetsa, sanawonjezepo kanthu. Akuti anamuuza kuti ayembekezere kalata yomuchenjeza.

Ndinagona masiku awiri nditayang'ana kukhoma. Kapitawo ankabwera monga mwa nthawi zonse, kuyeza shuga, kusintha bandeji, kundikalipira kuti ndabisa shuga wa mu tiyi m'kabati. Za mu ofesi sanatchulepo ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanandinyoza, bwenzi ndikupeza pomukwiyira. A dalaivalawa, amene anamva zonse kuseri kwa katani, anandiuza kuti madala, moto mwayatsa ndinu koma akupsa ndi mwana wa eni. Ndinawauza kuti asamale za mwendo wawo. Akuseka pano pamene akulemba.

Dzulo pa nthawi yoona odwala, mwana wanga ndi mwamuna wake ali pomwepo, mkulu wa anamwino anadutsa. Ndinamuitana. Ndinavula magalasi n'kuwaika pakabati.

"Mayi, mwana uja musamulembe kalata. Ine sindidziwa kuwerenga. Ndinasaina chifukwa ndinachita manyazi ndi mkamwini wangayu."

Wodi yonse inamva, poti mawu anga ukuwadziwa. Mwana wanga anangoyang'ana pansi, iye anadziwa kalekale. Mkamwini anakhala kukamwa yasa, kenako anafunsa kuti nanga nyuzipepala zonse zija. Ndinamuuza kuti pepala lake ndi labwino podulira mapatani a makolala. Sanaseke. Anatuluka, ndipo atabwerako anali atakapepesa yekha kwa Kapitawo. Ndi munthu, ngakhale tayi yake imakhala yokhota.

Zoona ndikuuze, potupa paja padutsa mzere pang'ono, ngati m'lifupi mwa chala. Dokotala akuti mwina zala zikhala zinayi. Mwana wanga akunenabe kuti namwino akanangokhala chete bwenzi zonse zitatha, ndipo chala chachinayicho chikanatsala. Mwina akunena zoona, ndaziganizira kwambiri. Koma ndikanadzuka n'kupeza phazi lilibe mbali, ine ndikudikira kupita kuntchito. Sindikudziwa ngati ndikanakhulupiriranso munthu aliyense wovala zoyera, kapena kumwa mankhwala awo. Zaka makumi anayi sindinadulepo nsalu ya munthu mwini wake asanavomere, ngakhale nditaona kuti akusankha zolakwika. Pano ndavomera ndekha, ndikudziwa chimene ndavomera. Za makina ndamufunsa Kapitawo. Wandiyankha kuti sakudziwa ngati ndidzapondanso, ndipo sandilonjeza chimene sakudziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikupeza mawa, mnzawo wa a dalaivala aitenga pabasi. Ubwere Lachitatu. Pali pepala latsopano loti ndisaine. Kapitawo wati angathe kundiwerengera, koma ndi bwino awerengenso munthu wanga amene si wachipatala. Mwana wanga amalira akafika pa mawu akuti kudula, ndipo amadumpha mizere. Iwe sudzadumpha. Ndinakusiyira sukulu kuti upite ndiwe, sindinakufunsepo kanthu pa zimenezo, lero ndafunsa.

Upereke moni kwa mlamu wanga, kwa mlongo wathu ndi amuna ake, kwa ana ako onse ndi zidzukulu, ndi kwa azakhali ngati akumvabe. Akafunsa, usawauze kuti ndi kabala chabe, komanso asayambe kulira ngati ndafa. Uwauze monga ndakuuziramu, ndi za pepala zomwe.

Tsala bwino mpaka Lachitatu. Ubwere wosachedwa, nthawi yoona odwala ikatha mtsikana uja salowetsa munthu, ngakhale utanena kuti ndiwe m'bale wanga.

Ndine mkulu wako,
Telala