Tsitsi Logula pa Tsiku Lometa

Lolemba, 11 Ogasiti

Woyamba kundiuza anali a Anesi, alamu anga, mlongo wawo wa malemu amuna anga. Kuseri kwa nkhokwe, tikupeta mphale. Akuti, "Mlamu, kodi mwaona zimene zili pansi pa duku la mwana wanu?" Ine ayi. Ndikanaona ndi maso ati, otupa chichokereni kumanda Loweruka? Akuti tsitsi lofika m'mapewa, lowongoka ngati mchira wa ng'ombe. Logula.

Ndinakasuzumira ndekha kuchipinda. Zoonadi. Febe wanga, amene ndinam'bala ndi tsitsi lopotana ngati langa lomwe, ali khale pampando, kagalasi pabondo, akupesa mwaulemu ngati akusisita mwana wa mfumu. Bambo ake masiku awiri okha m'dothi!

Kumeta maliro ndi Loweruka likudzali. Tonse apakhomo, lumo. Ndamuuza. Iye akuti, "Amayi, ine duku sindivula pagulu." Basi, mawu ake omwewo. Anga anafika dzuwa kupendeka.

Ndalemba m'kope la fodya la malemuwo, a Simeon, masamba akumapeto. Iwo kulibe, ndiye ndidandaulire yani.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Mphepo tsiku lonse. Fumbi mpaka m'mano.

Tsitsi lija lili ndi malamulo kuposa mpingo. Ndowa pamutu, ayi, akuti lithothoka pakati. Watenga kachigubu kumanja, kuchoka pamjigo kufika pano wapumula katatu. Katatu! Mtsikana wa zaka makumi atatu. Ulesi wa m'tauni. Kukhitchini salowa, akuti utsi umakakamira ndipo moto umalipsereza. Mafuta athu odzola akuti amalinata, lili ndi kabotolo kakekake, madontho awiri pachikhatho. Chipeso chakechake cha mano otalikirana. Kupesa kuyambira kunsonga kumakwera, osati kuchokera pamwamba. Ndinalera ana asanu ndi mmodzi, palibe amene ndinamusamala chonchi.

Ndiwo za usipa, wangonunkhiza n'kutuluka. Kunyada.

Chondiwawa kwenikweni ndi ichi. Ife amayi anatiphunzitsa kuti tsitsi lako ukameta ukwirire, asatole munthu. Lero anthu akukagula la eni ake n'kudziveka. Mwini wake ndani? Ali moyo? Anamwalira? A Anesi akuti ena masiku ano amangodula pang'ono kumphumi, mwambo n'kutha. Ndiye tidule la mayi wa kutsidya kwa nyanja amene a Simeon sanamuonepo? Maliro atha a ndani pamenepo?

Pamjigo ndawafotokozera azimayi zonse, ndi kupesa komwe ndawasonyeza. Aseka mpaka wina kutaya ndowa. Mtima unatsikako pang'ono.

Ndiwo za anthu Loweruka, nkhuku ziwiri basi. Ikanakhalapo mbuzi yanga yamawanga ija. Akuba aja chibereni mu Meyi sanapezekebe. Mulungu akuwaona.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Takangana ndi Febe. Za pamjigo zam'fika.

Akuti, "Amayi, mwandisandutsa nthano?" Akuti ngati ndi choncho akwera minibasi Lachisanu. Ine pakamwa panatentha. Ndinati ukachoka osameta bambo ako, pakhomo pano usadzapondenso, ukakhale ndi amene anakupatsa tsitsilo.

Sanalire. Wangogona, masanasana.

Mwana wamkazi ndili naye mmodzi yekhayu.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndilembe, ndingaphulike.

Ndinakwera kabaza kupita pa Msundwe kukagula malezala ometera ndi mchere. Ndinalowa m'sitolo ya a Safia, mayi wachisilamu uja wogulitsa nsalu ndi za m'mutu. Meshi ya m'mapaketi ili lendelende khoma lonse, mawigi pamitu ya zidole. Ndinati ndiyang'ane kumbali, zisandiwonjezere mkwiyo.

A Safia anandipepesa bwinobwino za maliro. Kenaka akuti, "Nanga tsitsi lija mwana wanu likumukhala? Agogo aja anavutika nalo posankha."

Agogo ati?

A Simeon! Amuna anga ine! Akuti anabwera katatu mu Meyi. Ulendo woyamba anatsitsitsa mawigi onse, kumafikisa pakati pa zala ngati tsamba la fodya pa geredi, kumanunkhiza, kumaunika padzuwa. Kenaka anapempha kachingwe kamodzi ndi machesi. Kanasungunuka n'kupanga kampira kolimba, fungo la jumbo. Akuti anati, "Mwana wanga savala jumbo kumutu." Nkhalamba yoti chipeso chake chinali zala! A Safia anachita kuitanitsa lina ku tauni, la munthu lenileni. Anawotchanso kachingwe. Kameneko kanapsa n'kusanduka phulusa, fungo ngati powaula mbuzi. Akuti anagwedeza mutu, kenaka analitembenuza n'kumapapasa kaneti ka m'kati, ngati n'kofewa, poti pamutu popanda tsitsi sipachedwa kusupuka.

Ndinati mutu wa ndani wopanda tsitsi?

A Safia dzanja pakamwa. Akuti, "Amayi, ndimayesa mukudziwa." Ndinakhala pathumba la mchere osapempha. Anandiuza monong'ona. Mankhwala a khansa, a m'diripi, ndiwo anam'thothola tsitsi Febe wanga.

Ndipo akuti tsiku lodzatenga, agogo anadutsa pakhomo pa sitolo akukoka mbuzi yamawanga, kupita nayo kwa ogula.

Mbuzi yanga! Miyezi itatu ndakhala ndikutukwana akuba. Ndinauza mudzi wonse za mapazi a nsapato olowera kumsewu. Iwo ali phee pakhonde, akusoka chiguduli, nthawi zina n'kumandithandiza kuti, "Eya, anthu aipa." Wakubayo ndikumuphikira!

Ndi maulendo awo aja a ku okushoni ya fodya, masiku oti belo sitinatumize. Kodi kunali kukakhala pabenchi ya chipatala ndi mwana wanga. Wanga! Ndinam'nyamula miyezi isanu ndi inayi ndine, osati iwo. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri mphasa imodzi, n'kundibisira chotere? A Simeon, mukanadzuka ndikanakuswani ndi mthiko, kenaka mubwerere.

Malezala ndinaiwala pa kauntala. A Safia anachita kundithamangira.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Chikwama chake chinali chomangamanga m'mawa. Ndinalowa, ndinatseka chitseko, ndinakhalira chikwamacho. Ndinati ndinali kwa a Safia.

Febe anandiyang'ana. Kenaka anamasula duku, analowetsa zala kuseri kwa makutu, n'kulivula lonse ngati chipewa.

Mayo ine. Kamutu ngati tsiku lomwe ndinam'bala. Titsitsi tofewa apa ndi apo, ngati ta kamwanapiye. Nsidze zomwe n'zojambula, ine osaona masiku onsewa. Maso ndinali nawo pa tsitsi basi.

Chotupa cha m'bere. Diripi pakatha masabata atatu alionse, atsala maulendo awiri. Madokotala akuti chikuphwa. Akuti. Kachigubu kaja, kupumula katatu kuja. Usipa uja. Ine n'kumati ulesi, mpaka kukasewera nazo pamjigo.

Ndinafunsa kuti nanga ine mayi wako ndinalakwanji. Akuti, "Abambo anati tikauza amayi ako m'mawa, pofika masana nkhani ili ku Nsaru, madzulo ku Kabudula." Akutinso, "Sindifuna anthu azindilira ndili moyo, amayi. Azibwera kudzandiona ngati maliro oyenda."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane. Ndinatsekanso. Lachiwiri lomweli si ine ndinali pamjigo?

Komabe zandipweteka. Munthu amene maukwati onse a kuno amandiitana kuti ndikalankhule, ana a eni amakhala pansi kumvera ine, m'nyumba mwanga momwe ndine dengu lobooka. Zoona zake, koma akanandiuza pamaso.

Chikwama wamasula. Ndalonjeza kuti sindiuza munthu. Wandiyang'ana ngati munthu wobwereketsa mphika kwa mwana.

Mawa lumo lili m'manja mwa a Anesi. Duku likangochoka pabwalo paja, zatha.

Loweruka, 16 Ogasiti

Pansi pa mango, kuseri. Anthu ambiri kuposa nkhuku zanga ziwiri.

Woyamba ine. Lezala lozizira, imvi zanga gwa gwa pansalu. Kenaka ana aamuna, kenaka adzukulu. Kenaka a Anesi mokweza, kuti aliyense amve, "Abwere wa ku tauni uja, tione ngati lumo limadya za m'sitolo." Azimayi kuseka. Kuseka komwe ndinawaphunzitsa ine.

Ndinaimirira. Ndinati uyu ndimeta ndekha, m'nyumba. A Anesi akuti, "Mwambo umenewo unayamba liti?" Ndinati lero. Ndinalanda lezala latsopano, ndinam'gwira mwana wanga padzanja, tinalowa.

M'katimo ndinapala titsitsi take tofewa tija kuseri kwa khutu, tosadzaza ndi chikhadabo chomwe. Take enieni. Kenaka ndinadulako kansonga ka logula lija. Lachiwiri ndinkafunsa kuti mwini wake ndani. A Simeon analisankha ndi zala zawo, analipira ndi mbuzi yanga. Ndi la pakhomo pano, apite nalo. Ndinakulunga zonse m'tsamba la mango, ndinakaponya pamulu wa tsitsi lokakwirira.

Febe anatuluka duku lili pamutu, nsonga zikuonekera m'khosi. Pabwalo ponse ng'ung'udzu. Ndinamva ndi makutu anga. Akuti mayi wagonja kwa mwana. Akuti pakamwa ponse paja kodi n'pa ana a eni okha. Wina akuti ndalama za m'tauni zatseka nkhalamba pakamwa.

Yankho ndinali nalo. Lokoma, lokhala ndi mutu ndi mchira, loti onse aja akanalira n'kupepesa. Linafika pano pakhosi. Ndinatola mtedza wosasenda n'kuyamba kuswa. Ndaswa lichero lonse.

Kukhala chete kumapweteka nsagwada. Sindinkadziwa.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Kutchalitchi sitinapite. M'mawa Febe akuti lero ndi tsiku lochapa tsitsi, fumbi la sabata yonse, koma mikono ilibe mphamvu. Ndinati bweretsa. Madzi ofunda pang'ono, osati otentha. Sopo wake wamadzi. Osafikisa ngati chitenje, osapotokola, kungotsitsa ndi zala. Padzuwa ayi. Ndinaliveka chipanda chozondotsa kuseri kwa chitseko kuti liume. Iye ali pamphasa, mutu pamtunda, akundilangiza ngati ndine mtengwa watsopano.

Posakhalitsa, odi. A Anesi, ndi kabotolo ka thobwa, phazi lili kale pakhomo.

Ndinatuluka ngati ndaponda moto, chitseko n'kukoka. Ndinawakhazika pakhonde. Akuti, "Mlamu, tili awiri. Munakambirana zotani m'nyumba muja? Inu paja simusunga kanthu m'mimba."

Lilime kuyabwa. Thukuta pamutu wometa.

Ndinati mlamu, kodi ya mbuzi yanga yamawanga ndinakuuzani bwinobwino? Akuti kasanu. Ndinati ayi, simunamve zonse. Ndinayambira tsiku lomwe inabadwa. Mayi wake, agogo ake. Mapazi a nsapato aja. Ndinawonjezamo akuba atatu, wina wotsimphina, ndi lole yopanda nyali itaima pamsewu wa ku Mchinji. Akati adzuke, ine ndawagwira chitenje, dikirani, pokoma sipanafike. Thobwa anamwa okha lonse. Pomaliza anachita kunamizira mphika pamoto, ulendo osatsanzika.

Wakubayo ndam'tchinjiriza, a Simeon. Musazolowere.

Nditalowa ndinapeza Febe waluma pilo, misozi mbwee, kuseka. Chifikireni sindinam'mvepo akuseka. Akuti, "Lole, amayi? Mpaka lole?"

Tsitsi lauma tsopano. Akundiitana ndikapese. Kuyambira kunsonga, akuti, ndipo ndisakoke ngati ndikuzula mtedza.